Kabureta ya galimoto yakale ku chigwa cha Shire: kuikonza, kugula ina, kapena kusintha mtundu?

Galimoto zakale za petulo zimene zikuyendabe pakati pa Chikwawa, Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje, monga Peugeot 404 ndi 504, Nissan 1400, Datsun 120Y, Toyota Hilux ya injini ya 12R kapena 4Y, ndiponso Land Rover Series III, pafupifupi zonse zimasakaniza petulo ndi mpweya kudzera m'kabureta. Galimoto yotere ikayamba kutsamwa pokwera chitunda, kuzima ikangoima, kapena kumwa mafuta mopitirira muyeso, mwini wake amauzidwa pafupifupi ku galaji iliyonse kuti kabureta yatha ndipo pakufunika ina. Nthawi zina mawuwo amakhala oona. Koma kawirikawiri kabureta imasenzetsedwa mlandu wa thanki ya dzimbiri, wa pampu yotopa, kapena wa petulo amene wawira m'payipi, ndipo amene wagula kabureta ina asanayang'ane zimenezi amabwerera ku galaji posachedwa ali ndi vuto lomwe lija, ndalama atataya kale.

Chigwa chino chili ndi zovuta zake zimene mabuku a galimotozi sazifotokoza mokwanira. Choyamba ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40, ndipo pansi pa boneti, pafupi ndi manifodi ya ekizozi (mapayipi otulutsa utsi m'injini), kumakhala kotentha kuposa pamenepo. Petulo sawira pa mlingo umodzi monga amachitira madzi, chifukwa zigawo zake zopepuka zimayamba kusanduka nthunzi pa madigiri ozungulira 40 omwewo. Pampu ya pa injini inapangidwa kuti izikoka zamadzimadzi, choncho ikakumana ndi nthunzi imangopopa osatumiza kanthu, ndipo galimoto imazima ngati kuti thanki yauma. Amakaniko amalitchula vutoli vapour lock. Mudzalidziwa poona kuti galimoto imene yazima masana pa chitunda cha Thabwa ikuliranso bwinobwino itapuma kwa theka la ola boneti ili yotsegula. Kabureta yowonongeka sichira chifukwa chongopuma.

Palinso fumbi la m'misewu ya dothi, monga wa ku East Bank wolowera ku Fatima ndi Makhanga, limene limalowa paliponse pamene pali mpata n'kumaperesa zitsulo pang'onopang'ono. Madzi osefukira nawo achita mbali yawo. Galimoto imene inamizidwa m'chaka cha 2015, kapena pa nthawi ya namondwe wa Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, ngati thanki yake sinatsitsidwe n'kutsukidwa, ili ndi matope ndi dzimbiri pansi pake mpaka lero, ngakhale ikuyenda.

Nkhani ya petulo weniweniyo ndi yofunika kuimvetsa bwino. Dziko la Malawi linayamba kusakaniza petulo ndi ethanol (mtundu wa mowa wamphamvu umene umayaka ngati mafuta) mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo kuyambira mu 2004 ethanol wina amapangidwa kuno komwe ku Chikwawa ndi kampani ya PressCane, kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Mlingo wosakanizawo wakhala pakati pa 10 ndi 20 peresenti. Izi zikutanthauza kuti galimoto zathu zakhala zikumwa ethanol kwa zaka zoposa 40, ndipo sindigwirizana ndi amene amati ethanol payekha ndiye akupha makabureta. Chimene ethanol amachita n'chakuti amayamwa chinyezi, amasungunula litsiro lakale la m'thanki n'kulitumiza kutsogolo, ndiponso amafewetsa labala wa mtundu wakale. Galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku sivutika nazo kwenikweni. Yovutika ndi ija imene imaima miyezi ingapo thanki ili theka, chifukwa madzi akachuluka amasiyana ndi petulo n'kukhala pansi pamodzi ndi ethanol, pamene pali payipi yokokera mafuta. Onjezerani pamenepo mafuta a m'zigubu amene ambiri timagula petulo akasowa pa mafilingi, omwe sitidziwa kuti chigubucho chinasungapo chiyani.

Zoyenera kuyesa musanatulutse ndalama

Galimoto ikazima, chotsani fyuluta ya mpweya, yang'anani m'khosi mwa kabureta, ndipo kokani waya wa ekiselereta ndi dzanja injini ili yozima. Mukaona petulo akutsanyuka, ndiye kuti mafuta alimo, ndipo vuto lili ku moto: mapointi, kondensa, koyilo kapena taimingi. Koyilo yotopa imasiya kugwira ntchito ikatentha n'kuyambiranso ikazizira, choncho imasokoneza ndi vapour lock, ndipo kuyesa kumeneku ndiko kumasiyanitsa ziwirizi. Makabureta a Aisan a pa Toyota ndi a Hitachi a pa Nissan ndi Datsun ali ndi kagalasi m'mbali kosonyeza pamene petulo walekeza m'chipinda cha fuloti, kachinthu koyandama kamene kamatseka petulo chipindacho chikadzaza. Makabureta omwewa ali ndi solenoid, kachitsulo ka waya umodzi kamene kamatseka petulo mukazimitsa kiyi. Wayayo akathothoka, galimoto imathamanga bwino koma imazima mukangosiya ekiselereta, ndipo makabureta ambiri abwinobwino atayidwa chifukwa cha kawaya kameneko.

Kuti mudziwe ngati vuto lili kumbuyo, imwetsani pampu kuchokera m'kachigubu ka petulo woyera m'malo mwa thanki, mukuchitira panja, kutali ndi mbaula ndi fodya. Injini ikalira bwino, tsitsani thanki. Tsegulaninso chivindikiro cha thanki galimoto ikangozima. Mukamva chikukoka mpweya, kabowo kopumira katsekeka. Pomaliza sololani dipusitiki n'kununkhiza oyilo. Oyilo amene akuchuluka yekha ndiponso akununkha petulo akusonyeza kuti dayafulamu ya pampu yang'ambika ndipo petulo akutsikira m'sampu, vuto limene lingawononge mabeyaringi a injini ngati lizengerezedwa.

Zonsezi zikakhala bwino, gwirani shafuti ya butterfly, kachitseko kamene kamatseguka mukaipatsa moto galimoto, ndipo igwedezeni chokweza ndi chotsitsa. Kuyesa kumeneku ndiko kumasankha njira pakati pa zimene zili m'munsimu. Shafuti yolimba ikutanthauza kuti thupi la kabureta lidakali ndi moyo. Shafuti yogwedera imalowetsa mpweya wakuba m'mbali, ndipo kabureta yotere siikhazikika ngakhale mutapotokola masikuluwu tsiku lonse.

Kutsuka ndi kukonza kabureta imene muli nayo

Njira imeneyi ndi imene ndimaiika patsogolo pa galimoto zambiri, ndipo chifukwa chake si kutchipa kokha. Kabureta imene inabwera ndi galimoto inayezedwera injini imeneyo. Majeti ake (timabowo toyeza petulo wolowa), kukula kwa khosi lake, mapayipi ake a vakyumu opita ku distribyuta, ndi malo omangira waya wa ekiselereta ndi choki (chothandiza kuliza injini yozizira), zonse zimagwirizana popanda kusema kapena kuwotcherera. Kiti yokonzera imakhala ndi magasiketi, nidulo (kachitsulo kosongoka kamene fuloti imatsekera petulo), dayafulamu kapena chikopa cha kapampu ka ekiselereta, ndi timalabala tozungulira. Sankhani kiti yopangidwa posachedwa, imene labala wake amapirira ethanol, chifukwa kiti imene yakhala pa shelefu zaka 30 imaoneka yeniyeni koma labala wake wauma kale.

Ubwino wa ntchitoyi umadalira dzanja la amene akuigwira. Kutsuka kabureta sikutanthauza kuithira petulo kunja n'kuipukuta. Imayenera kumasulidwa yonse, kunyikidwa, ndipo njira iliyonse ya mkati n'kuuziridwa ndi mpweya wa kompuresa. Majeti asabooledwe ndi waya kapena singano. Pa makabureta a Weber ndi Solex, nambala yolembedwa pa jeti imasonyeza kukula kwa bowo m'magawo 100 a milimita, kotero kuti jeti ya 130 ili ndi bowo la mamilimita 1.30, ndipo waya ukalikulitsa pang'ono chabe galimoto imamwa mafuta ochuluka mpaka kalekale. Fuloti ya mkuwa igwedezeni pafupi ndi khutu; ngati muli petulo mkati, yabooka. Mlingo wa fuloti uyezedwe ndi rula motsatira buku, osati ndi maso.

Eni Land Rover ali ndi nkhani yawoyawo. Kabureta ya Zenith 36IV, imene inalowa m'malo mwa Solex pa injini ya petulo ya malita 2.25 chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, imadziwika ndi kupindika kwa nkhope zimene zimakumana pakati pa chivindikiro ndi thupi, komanso kutha kwa kalabala kozungulira khosi. Zikatero imataya petulo mkati ndipo ekizozi imatulutsa utsi wakuda. Mankhwala ake ndi kugoneka sandipepa wosalala pa galasi lathyathyathya n'kumakhula nkhopezo mozungulira mpaka zitafanana, kenako n'kuika kalabala katsopano. Ndi ntchito ya kuleza mtima imene siifuna chipangizo chodula.

Ngati shafuti ikugwedera, njirayi siinatsekeke, koma yafika pofuna makina. Mabowo a shafuti amabooledwa n'kuikamo mabushi a mkuwa, ntchito imene imachitika ku mashopu a lefu (makina osemera zitsulo) ku Blantyre. Kabureta yosweka, yodyeka mkati ndi madzi mpaka kuchita mabowo, kapena imene ulusi wa majeti unatha, ndiyo yoyenera kuisiya.

Kugula kabureta yogwiritsidwapo ntchito

Ku Ndirande ndi ku Limbe kumapezeka makabureta ochotsedwa pa galimoto zophwasulidwa. Phindu lake n'lakuti mungapeze Aisan, Hitachi kapena Solex yeniyeni pa mtengo wotsika. Vuto lake n'lakuti kabureta imeneyo ili ndi zaka zofanana ndi yanu, ndipo mwina inachotsedwa pa chifukwa chomwecho. Ngati mwasankha njirayi, tengani yanu popita kuti muyerekeze mabowo a mabawuti, mbali ya waya wa ekiselereta ndi chiwerengero cha mapayipi a vakyumu, chifukwa injini imodzi inkabwera ndi makabureta osiyana malinga ndi chaka ndi dziko limene galimotoyo inkapita. Gwedezani shafuti musanafunse mtengo. Ndipo pa bajeti yanu ikanipo mtengo wa kiti, popeza kabureta yogulidwa pa msika imafunika kumasulidwa isanamangidwe. Ine ndimaiona njirayi ngati yogulira thupi labwino loti musamutsiremo majeti anu, osati yogulira kabureta yomanga n'kunyamuka.

Makabureta atsopano otengera

Masiku ano m'mashopu a masipeya muli makabureta atsopano otchipa, ambiri opangidwa ku China, otengera a injini za 4Y, 4K, A12, A14 ndi zina. Amanyezimira, shafuti yawo ndi yolimba, ndipo kwa munthu amene pikapu yake imamudyetsa ponyamula thonje, mbuzi kapena nsomba, kuyenda mawa ndi nkhani yaikulu kuposa kusunga chitsulo cha fakitale. Sindiwanyoza. Koma ubwino wawo umasinthasintha kwambiri: awiri a m'bokosi lofanana akhoza kugwira ntchito mosiyana. Ena amabwera fuloti isanayezedwe, ena ali ndi tizidutswa ta chitsulo m'njira za mkati, ndipo majeti awo nthawi zambiri amakhala a pakatikati kuti kabureta imodzi ikwane injini zingapo. Amene wagula atsegule chivindikiro asanamange, auzire njira zonse, ayeze fuloti, ndipo ngati ulusi ukugwirizana asamutsiremo majeti a kabureta yakale. Yakaleyo asaitaye kapena kuisiya ku galaji, chifukwa tsiku lina idzakonzedwa, pamene yotengerayo ikatha masipeya ake sapezeka mosavuta.

Kusinthira ku Weber

Iyi ndi njira imene okonda galimoto zakale amaikambirana kwambiri. Kampani ya Weber inayambira ku Bologna m'dziko la Italy m'zaka za m'ma 1920, ndipo makabureta ake enieni a masiku ano amapangidwa ku Spain. Mitundu iwiri ndiyo imatikhudza. Weber 32/36 ili ndi makosi awiri, la mamilimita 32 limene limagwira ntchito poyenda wamba, ndi la mamilimita 36 limene limatseguka mukaponda kwambiri. Inkabwera kuchokera ku fakitale pa Ford Cortina ya malita 2, ndipo imamangidwa pa injini zambiri za masilinda anayi pogwiritsa ntchito mbale yolumikizira. Ilipo ya choki ya dzanja, DGV, ya choki ya madzi, DGAV, ndi ya choki ya magetsi, DGEV. Kuno kumene m'mawa simuzizira kwenikweni, ya dzanja ndi yokwanira ndipo ili ndi zochepa zoti ziwonongeke. Mtundu wachiwiri ndi Weber 34 ICH ya khosi limodzi, imene imalowa m'malo mwa Zenith pa Land Rover.

Mphamvu ya Weber ili pa kuphweka kwake ndi kupezeka kwa majeti a misinkhu yonse, kotero kuti mmisiri wodziwa angathe kuiyezera injini yanu ndi petulo wathu. Mfundo imeneyi ili ndi tanthauzo, chifukwa petulo wopanda chosakaniza amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, pamene ethanol amafuna magawo 9 okha. Petulo wosakaniza amafuna jeti yokulirapo pang'ono, ndipo 34 ICH, imene imadziwika kale kuti imaumira mafuta, ingatenthetse injini ngati yasiyidwa ndi majeti amene inabwera nawo. Injini yosowa petulo pokwera mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mlatho wa Kamuzu kukafika ku Blantyre, ili ndi katundu, masana a Novembala, imayandikira kupsa mavavu.

Zovuta zake ndi zitatu, ndipo zonse zimakula kuno ku chigwa. Choyamba, mtengo ndi wa ndalama zakunja, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse choitanitsa ku Johannesburg kapena ku England chinakwera. Palinso ma Weber abodza ambiri olembedwa dzina lomwelo. Chachiwiri, Weber imafuna petulo wobwera mofatsa, pafupifupi 3 psi (mlingo wa mphamvu imene pampu imakankhira mafuta), ndipo pampu yamphamvu imagonjetsa nidulo n'kusefukiza kabureta, choncho nthawi zina pamafunika regyuleta yochepetsa mphamvuyo. Chachitatu, chimene ndimachiona chachikulu, ndi fyuluta ya mpweya. Makiti ambiri a 32/36 amabwera ndi kafyuluta konyezimira kotseguka mbali zonse, kamene kamakoka mpweya wotentha wa pansi pa boneti ndipo sikalimbana ndi fumbi la kuno. Fyuluta ya oyilo ya pa Land Rover, kapena bokosi la fakitale la pa Toyota ndi Nissan, ndi zabwino kuposa kameneko, ndipo ndi bwino kulipira mmisiri wa malata kuti apange cholumikizira kusiyana ndi kuzitaya. Weber ndi yoyenera kwa amene kabureta yake yafa ndithu, amene akufuna kusunga galimotoyo zaka zambiri, ndiponso amene ali ndi makaniko wodziwa kuwerenga majeti.

Kuchotseratu kabureta

Ena amatopa n'kuika injini ya dizilo kapena ya injekishoni (yopopera petulo m'injini popanda kabureta) yochotsedwa pa galimoto ina. Pa Hilux yogwira ntchito, dizilo ikhoza kukhala yanzeru. Injekishoni imathetsa vapour lock, koma imafuna pampu ya mphamvu yoposa 40 psi, payipi yobwezera mafuta ku thanki, mawaya ambiri ndi kompyuta, imene siikondana ndi madzi a pa madooko a nthawi ya dzinja. Nambala ya injini yatsopano iyeneranso kukalembetsedwa ku Road Traffic. Pa Peugeot 404 kapena Datsun 120Y yosungidwa bwino, kusintha kotere kumachotsa chimene chimapatsa galimotoyo mtengo wake.

Zimene ziyenera kuchitika pa njira iliyonse

Kabureta iliyonse imene mwasankha imamwa zimene thanki yaitumizira. Thanki itsitsidwe, itsukidwe mpaka madzi otuluka ayere, ndipo iume bwino padzuwa. Isayandikizidwe ku moto wa wowotcherera isanatsukidwe mokwanira, chifukwa thanki yopanda petulo koma yodzaza nthunzi ndiyo imaphulika. Mapayipi a labala asinthidwe ndi olembedwa SAE J30 R9, amene amapirira ethanol. Fyuluta yoonekera mkati iikidwe pampu isanafike, kutali ndi ekizozi, ndipo ina yapadera izikhala m'galimoto. Land Rover ili kale ndi kambale ka galasi pansi pa pampu kosonkhanitsa madzi ndi litsiro, kongofunika kukhuthula.

Polimbana ndi kutentha, payipi ya petulo ipatutsidwe kutali ndi manifodi, ndipo mbale yochindikala yosatenga kutentha imene imakhala pakati pa kabureta ndi manifodi ibwezeretsedwe ngati wina anaichotsa, pamodzi ndi lata lotchinga. Pamene izi sizikukwana, pampu ya magetsi ya mphamvu yochepa, monga za Facet zopangidwira makabureta, imangidwe kumbuyo pafupi ndi thanki, popeza petulo wokankhidwa sawira msanga ngati wokokedwa. Ikhale ndi fyuzi, rileyi, ndi chozimitsa chimene chimaidula injini ikazima, kuti pa ngozi isapitirize kupopa petulo. Pampu ya galimoto ya injekishoni isayesedwe n'komwe pa kabureta.

Kuyeza komaliza kuchitikire kumene galimotoyo imakhala. Nsanje ili pa mamita osakwana 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Blantyre ili pa mamita opitirira 1,000, ndipo mpweya wa kumtunda ndi wopepuka ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Kabureta yoyezedwa ku Limbe kuti izimwa mafuta ochepa ikatsikira ku Ngabu imapeza mpweya wochuluka kuposa umene inayezedwera, makamaka m'mawa ndi m'miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo imayamba kuchita njala ya petulo. Ngati ntchito yachitikira ku Blantyre, uzani amakaniko kuti galimotoyo ndi ya ku chigwa ndipo asaiumire. Mukafika kwanu, injini itatentha, taimingi itayezedwa kale, konzaninso sikuluwu ya kasakanizidwe mpaka injini ilire mosalala, kenako yendani ulendo wa makilomita angapo ndi katundu wa masiku onse n'kumasula mapulagi. Nsonga yofiirira ikusonyeza kuti zili bwino, yakuda ndi mwaye ikusonyeza petulo wochuluka, ndipo yoyera mbee ikufuna jeti yokulirapo galimotoyo isanakwerenso Thabwa.